Amene Anasita Nkhope ya Agogo

Wapolisi anafika Lachiwiri m'mawa mvula itangokata, ndipo asanapereke moni kwa aliyense anafunsa kuti Kafayat ndi uti.

Kafayat anali pa desiki yake ya pazenera, cholembera cha kompyuta chili m'manja, akupaka utoto pa khutu la mbuzi. Bwana wathu, a Falope, anamuloza ndi kiyi wa galimoto.

"Ndi ameneyo, wa mpango kumutuyo. Kupemphera kasanu pa tsiku, koma onani zomwe wandichita."

"Zomwe wachita ndiziona ndekha," anatero wapolisiyo. Anali Insipekitala Danladi, bambo wamtali wa kumpoto, nsapato zili matope okhaokha. Anazipukuta pa chiguduli cha pakhomo nthawi yaitali asanalowe. Ndinaziona zimenezo chifukwa amene amakolopa muno ndine.

Tilipo anayi pa situdiyo yathu ku Yaba, mu mzinda wa Lagos, pamwamba pa sitolo ya matayala. Rotimi amaumba: amatenga dongo la mu kompyuta n'kulisandutsa nkhope, zala, makwinya. Kafayat amapaka utoto pa zomwe Rotimi waumba. Ine Morenike ndinakhala telala zaka makumi awiri ndisanaphunzire kusoka zovala za pa sikirini, ndiye ndimaveka anthu awowo. A Falope amalankhula ndi makasitomala, nthawi yotsalayo n'kumatikalipira.

Mlandu unali wa Agogo. Timangowatchula choncho: chiboliboli cha mu kompyuta cha mayi wokalamba wa mphini zitatu pa tsaya lililonse, chomwe tinapangira kampani ina yakunja ya masewera a pa kompyuta. Tinagwira miyezi inayi, ndipo tinasainira kuti diso la munthu lisawaone masewerawo asanatuluke. Loweruka lapitali Agogo anapezeka ali pa chikwangwani chachikulu pa mphambano ya Ojuelegba, akumwetulira, akutsatsa zokometsera ndiwo. Khungu anali atawayeretsa, mpango wawo wofiira utasanduka wachikasu, koma anali iwo.

Akunjawo anati apolisi alowererepo, apo ayi atisumira. Otsatsa malonda aja anati iwo anagula mwachilungamo, ndipo anapereka fayilo yomwe analandira pamodzi ndi imelo yake. Imeloyo inachoka pa kompyuta ya Kafayat, Lachisanu pa 9 mwezi watha, nthawi ili 1:40 masana.

"Ndikufuna chipinda ndi mipando iwiri," anatero a Danladi. "Muzibwera mmodzimmodzi."

Chipinda chomwe tili nacho n'chosungiramo katundu, ndipo khoma lake ndi la matabwa opyapyala. Chilichonse chinkamveka. Woyamba kulowa anali Kafayat.

*

"Lachisanu limenelo masana unali kuti?"

"Ku mzikiti, bwana."

"Umapita Lachisanu lililonse?"

"Ayi. Ndimaswalira muno, pomwe mwakhalapo. Bwana salola kuti ndizituluka."

"Ndiye tsiku lokhalo lomwe unatuluka ndi lomwe fayilo inabedwa. Uli ndi mwayi wodabwitsa, mtsikana iwe."

"Anandiuza okha kuti ndipite."

"Ndani?"

"A Falope."

Kuno kunja a Falope anaphulika chiseko. "Ine! Rotimi, wamva? Ine kutuma munthu ku mzikiti nthawi ya ntchito!"

"Inu ngakhale kuchimbudzi mumatiwerengera mphindi," anatero Rotimi osatembenuka.

"Mwamva nokhatu, a Insipekitala!" anakuwa a Falope.

"Khalani chete kunjako," anayankha a Danladi. Kenaka: "Anakuona ndani ku mzikitiko?"

"Azimayi analipo ambiri. Si mzikiti wa kwathu, sindiwadziwa maina."

"Kompyuta yako unaitseka?"

"Ayi. Inali ikumalizitsa chithunzi yokha, ukaizimitsa umayambiranso."

"Utoto wa pa nkhope ya gogoyo anapaka ndani?"

"Ine."

"Ndiye wodziwa kuusintha ndani?"

A Danladi anatsitsa mawu.

"Tamvera. Ndikakutenga lero ukagona m'chitolokosi, ndipo ngakhale utatuluka, palibe situdiyo mu Lagos muno yomwe idzafune kumva dzina lako. Ndiuze amene unagwirizana naye, mwina ndikuthandiza."

"Sindinabe, bwana."

"Onse amatero. Ndiitanire wa pakamwa ponyansa uja."

Kafayat anatuluka maso ali ouma. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ntchito imeneyi ndi yokhayo yomwe amaidziwa. Anakhala pa mpando wake manja ali pa miyendo, osakhudza kanthu.

*

Rotimi sanadikire funso.

"Ndinali kwa Iya Sadia kudya nsima ya amala. Kafunseni, amandidziwa, ndimadandaula za nyama tsiku lililonse."

"Mumagwirizana ndi Kafayat?"

"Ayi. Amati makutu omwe ndimaumba ndi a mileme. Ine ndimati amapaka utoto ngati akuwerenga mchenga."

"Ndiye ukanakondwa atachotsedwa."

"Ndikanakondwa atasiya kudyera mtedza pa kiyibodi."

"Ukanatha kubwerera msanga n'kukhala pa mpando wake."

"Ndikanatha."

"Ukundiyankha ngati ndine mlamu wako."

"Bwana, nkhope imeneyo ndi ya agogo anga, mayi a bambo anga, a ku Oyo. Tinawaika chaka chatha. Ndinaiumba kuchokera pa chithunzi chimodzi chakale ndi zomwe zili m'mutu mwangamu. Mphini zokha zija zinanditengera sabata ziwiri. Lero wina wawadzoza mafuta oyeretsa khungu n'kuwapachika pa msewu kuti azigulitsa zokometsera ndiwo. Azakhali anga adutsa pamenepo, andiimbira akulira. Mukamupeza, mundibwereke kaye mphindi zisanu."

"Ukuganiza kuti ndi mtsikanayu?"



"Imelo ndi yake," anatero Rotimi, mawu atatsika. "Ine zina sindikudziwa."

A Falope analowa atanyamula mpando wawo wa mu ofesi, chifukwa wa m'chipindamo umagwedera. Anati tsiku limenelo anali pa foni ndi makasitomala, chitseko cha ofesi chili chotseka, sanaone kanthu. Anati mtsikanayo anamutenga ngati mwana wawo.

"Inu mumadziwa kuumba?" anafunsa a Danladi.

"Kale! Zonsezi ndinayambitsa ndekha ndi kalaputopu kamodzi, ana awa asanadziwe kuti kompyuta n'chiyani. Koma tsopano patha zaka zisanu ndisanagwire cholembera. Ine ndimagwira foni."

Ali m'kati molankhula, ine ndinatsegula chikwama changa pansi pa desiki.

Amuna anga atamwalira ndinkalephera kupemphera. Mayi busa anandiuza kuti ndigule kabuku, madzulo aliwonse ndizilembamo chifundo chimodzi chomwe ndaona tsikulo, ngakhale chaching'ono, n'kuthokoza. Patha zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kabukuka n'kachinayi. Ndinatsegula mwezi watha. Sindinkafuna kupeza zomwe ndinkadziwa kuti ndipeza.

"Pa 9, Lachisanu. Mvula. A Falope auza Kafayat apite ku mzikiti, asathamange, kompyuta amuyang'anira. Amubwereka ambulera yawo yabwino ija. Ambuye, mwafewetsa mtima wawo. Zikomo."

Ndinakumbukira zonse. Rotimi anali atatuluka kale. Ine ndinali kuseri kwa kabati kufuna chingwe cha magetsi, sanandione. Kenaka ndinatsika kukagula chakudya, mtima uli mbee, n'kusiya a Falope okha m'situdiyo.

Ndinatseka kabukuko. Shopu yanga itapsa ku msika ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe amene ankafuna mayi wa msinkhu umenewo. A Falope anandilemba ntchito yokolopa. Atandipeza tsiku lina ndikuyang'anitsitsa diresi la pa sikirini lomwe Rotimi ankalephera kulipinda, anandipatsa kiyi kuti Loweruka lililonse ndizibwera kudzaphunzira. Chakudya chomwe ndimadya chimachokera pa kiyi ameneyo.

"Mayi," anaitana a Danladi. "Mwatsala inu."

Ndinakhala pa mpando wogwedera uja.

"Lachisanu limenelo masana?"

"Ndinatsika kukagula chakudya."

"Munaona Kafayat akutuluka?"

"Potsika ine, anali atatuluka."

"Palibe china?"

Ndinayang'ana mkeka wa Kafayat woswalira, wopindidwa bwino pa shelefu. Zomwe ndinanenazo zinali zoona. Ndinapempha Mulungu kuti zikwane.

"Mayi, ndikufunsa."

"Ndine telala chabe, bwana."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutseka buku lawo. Titatuluka anaima pakati pa situdiyo.

"Kafayat. Tenga chikwama chako."

*

Kafayat sanakane. Anaika cholembera m'kachikho kake, n'kuvundikira sikirini ndi kansalu komwe ndinamusokera. A Falope anaima pakhomo la ofesi manja ali m'thumba.

"Zaka zitatu ndikukudyetsa. Upite ukapemphere bwino kumeneko, nthawi ikhala yambiri."

"Zakwana, bwana," anatero Rotimi.

"Iwenso ukufuna kumutsatira?"

Podutsa pa desiki yanga Kafayat anawerama pang'ono.

"Anti, mu kabati muli moin-moin wa nyemba uja, mayi anakulunga awiri m'masamba. Mudye, asawonongeke. Ndipo mankhwala anu a 12 koloko musaiwale, poti sindikhalapo wokukumbutsani."

Anafika pakhomo. A Danladi anali atagwira kale chitseko.

"A Insipekitala." Mawu anga anatuluka ngati a munthu wina. "Ndingakulankhuleni pa masitepe?"

"Anti Moreni, ntchito ikudikira," anatero a Falope.

"Idikira," anatero a Danladi. "Iwe khala pansi. Wina asatuluke."

Pa masitepe pali jenereta ya a matayala, ndipo ikamalira munthu wa m'kati samva kanthu. Ndinawapatsa kabuku nditatsegula pa tsamba lija. Anawerenga kawiri.

"Ndinakufunsani m'chipinda muja."

"Munandifunsa."

"Mukudziwa kuti kubisa umboni ndi mlandu?"

"Ndikudziwa kuti ndi tchimo."

Anapukusa mutu. "Kabuku ka mapemphero. Loya wa munthu uyu adzati munalemba m'mawa uno. Ndipo kubwereka munthu ambulera si kuba. Mulibe china?"

"Chithunzi cha pa chikwangwani chija muli nacho?"

Anatulutsa foni. Ine ndinatulutsa yanga, momwe muli Agogo enieni. Ndinaika mafoniwo moyandikana pa khoma la masitepe.

"Onani masaya."

"Uyu ndi wakuda, uyu ndi woyera. Ndaona kale."

"Musaone mtundu. Onani mphini. Kuno zili ndi mthunzi m'kati mwake, chifukwa n'zakuya. Uku zangokhala mizere. Ndinadutsa pa Ojuelegba pa minibasi Lamulungu, ndipo ndinati mumtima, nkhope iyi yasitidwa. Ndasita nsalu moyo wanga wonse, ndimadziwa pomwe simbi yadutsa."

"Kompyuta ili ndi simbi?"

"Ili nayo. Mukapaka mitundu iwiri moyandikana, pakati pamatsala mzere. Kuti mzerewo uchoke, mtundu wina ulowe mwa unzake ngati khungu la munthu, mumadutsitsapo burashi yosalaza. Koma burashi imeneyo imasalaza ziwiri nthawi imodzi, utoto ndi dongo lomwe. Pali kabatani kozimitsira mbali ya dongo. Ukaiwala kukazimitsa, utoto umasakanikirana bwinobwino, koma nkhope imasungunuka pansi pake. Ndipo suona, chifukwa maso ako ali pa utoto."

"Mtsikanayu sangaiwale?"

"Anaiwalapo kamodzi, zaka ziwiri zapitazo, anawononga mphuno yomwe Rotimi anaumba. Rotimi anamutukwana sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo anakakhomeratu kabataniko pa kompyuta yake. Ngakhale mutapukuta tsiku lonse, dongo silisuntha."

"Rotimi?"

"Amazimitsa asanaganize n'komwe. Ndipo mwamumva nokha za mphinizo."

"Inu?"

"Ine sindipaka utoto. Koma mukhoza kundiyesa."

A Danladi anayang'ana mafoni awiriwo, kenaka chitseko cha situdiyo.

"Munthuyu akuti sanagwire cholembera zaka zisanu."

"Ndiye n'chifukwa chake anaiwala."

Anandibwezera kabuku. "Mukalowa, nkhope yanu ikhale ya munthu amene wakalipiridwa. Musatsegule pakamwa mpaka ndikuuzeni."

Sizinandivute.

*

"Mayiwa angonditayitsa nthawi," anatero a Danladi titalowa. "Akuti mtsikanayu ndi wa makhalidwe abwino. Ndende yadzaza ndi a makhalidwe abwino."

A Falope anandiyang'ana, n'kumwetulira pang'ono. Kafayat sanandiyang'ane.

"Koma pali vuto limodzi. Woweruza adzafunsa kuti, kodi munthu angasinthe khungu la chidole chotere pa nthawi ya nkhomaliro yokha? Ine za makompyuta sindidziwa. Ndikufuna ndione ndi maso anga, ndiwerenge mphindi, ndilembe. Popanda zimenezo sindimutenga. Iwe woumba, tandisonyeza."

"Ndiyeretse khungu la agogo anga ndi dzanja langa?" anatero Rotimi. "Ingondimangani."

"Wakubayu sindingamupatse kompyuta. Mayiwa akuti ndi telala chabe." Anatsegula manja. "Basi. Mtsikana, bweza chikwama. Ndidzabweranso ndikapeza katswiri, mwina mwezi wamawa."

"Mwezi wamawa?" A Falope anachoka pakhomo la ofesi. "Akunja aja akufuna dzina la wakuba pofika Lachisanu!"

"Ndiye muwauze adikire."

"Ntchito imeneyo ndi ya mphindi khumi! Mwana wa sukulu angaichite!"

"Mwana wa sukulu muli naye pano?"

A Falope anapumira m'mwamba, n'kuvula jekete. Analunjika pa desiki ya Kafayat.

"Imeneyo ayi, yasanduka umboni," anatero a Danladi.

Anatembenukira ya Rotimi. Rotimi anayala manja onse awiri pa kiyibodi.

"Pa yanga ayi."

"Kompyuta imeneyo ndinagula ndine, galu iwe."

"Mudzaitenga ndikafa."

A Falope analowa mu ofesi n'kutuluka ndi laputopu yawo ndi kabolodi kojambulira. Kabolodiko ndimakapukuta fumbi Lolemba lililonse pa shelefu yawo. Ndinakumbukira kuti masabata angapo apitawo ndinakapeza kalibe fumbi.

Anatsegula Agogo. Nkhope ija inadzaza sikirini, yakuda ngati khofi, yofiirira pang'ono pa masaya, yotuwa pansi pa maso. Kafayat anaipaka masabata atatu, kamtundu pamwamba pa kamtundu.

"Yambani," anatero a Danladi akuyang'ana wotchi.

Dzanja la a Falope silinali la munthu amene wakhala zaka zisanu. Anasankha mtundu wa tiyi wamkaka osaufunafuna. Anaupaka pa chipumi, pa masaya, pa chibwano, kusiya wakuda m'mphepete. Nkhope inakhala ya mawangamawanga. Kenaka anatenga burashi yosalaza.

Ndinayang'ana kabatani kaja pamwamba pa sikirini. Kanali koyaka. Ndinayamba Atate Wathu mumtima, koma sindinapitirire mzere woyamba. Sindinkadziwa chomwe ndikupempha, kuti akaone kapena asakaone.

Sanakaone. Burashi inadutsa pa tsaya, uku ndi uku, mofulumira, mwaluso. Mizere inasungunuka, woyera unalowa mwa wakuda mopanda msoko. Rotimi anadzuka pa mpando, pakamwa patatseguka. A Danladi anamuponda phazi.

"Mwaona?" A Falope anaponya cholembera pa desiki. "Zingati?"

"Zisanu ndi zinayi."

"Lembani. Ndipo ine ndachita dzimbiri. Iyeyu akanatha m'mphindi zisanu."

"Mwachita bwino kwambiri," anatero a Danladi. "Mayi, utotowu ungachoke kuti tione dongo lokha?"

Ndinawerama pa phewa la a Falope n'kudina. Mitundu yonse inazima, panatsala dongo lotuwa.

Masaya a Agogo anali see, ngati sopo wosambira kale. Pomwe panali mphini zitatu zakuya panatsala timizere tosaoneka bwino. Makwinya a m'mbali mwa maso anali atapita.

"Mwawapha kawiri," anatero Rotimi.

"Tsopano tsegula iyi pa kompyuta yako." A Danladi anapatsa Rotimi fulashi ya fayilo yomwe otsatsa malonda analandira. Rotimi anaitsegula, n'kuzimitsa utoto. Anatembenuzira sikirini yake kwa ife.

Masaya omwewo, osalala chimodzimodzi, malo omwewo.

"Aliyense angalakwitse choncho," anatero a Falope. "Iyenso angalakwitse."

A Danladi anavundukula kompyuta ya Kafayat, n'kukhala pa mpando wake. "Nditsegulire gogoyo, undipatse simbi yakoyo." Anagwira cholembera ngati akugwira mpeni, n'kupukuta tsaya la Agogo ndi mphamvu zonse mpaka kabolodi kanalira. Utoto unasakanikirana n'kukhala phala. Atauzimitsa, mphini zonse zitatu zinali pomwepo, zakuya ngati tsiku lomwe Rotimi anazisema.

"Anachitira kunyumba," anatero a Falope.

"Pa kompyuta iti?" anafunsa Rotimi. "Kwawo kuli wailesi ndi fani."

Kafayat anali atayandikira sikirini ya Rotimi. Analankhula motsitsa, ngati akudzilankhula yekha.

"Munasiyanso kalilole woyaka. Mukapaka tsaya ili, linalo limadzipaka lokha. Onani, onse awiri ndi ofanana ndendende. Ine kalilole ndimazimitsa ndisanayambe. Palibe munthu wa nkhope yotero." Anatembenuka. "Munandinamizira kuba, bwana. Koma munafunanso kuti anthu aziti ntchito yonyansayi ndi yanga?"

A Falope anatambasula dzanja kuti atseke laputopu. La a Danladi linafika msanga.

"Woumba, makinawa amakumbukira zomwe anatsegula posachedwa?"

Rotimi anadina pa mndandanda. Wachitatu kuchokera pamwamba anali Agogo ena amene palibe wa ife anawapanga, osungidwa pa 8 mwezi watha. Atawatsegula anali oyera khungu, mpango wachikasu.

Jenereta ya pansi inazima nthawi yomweyo.

"Mumaganiza kuti malowa amayendera mapemphero?" anatero a Falope. Sankayang'ana wapolisi, ankayang'ana ife. "Akunja anu aja ndalama amangolonjeza mawa, mawa. Ndikanapanda kutero bwenzi nonse muli pa msewu kalekale. Ndinkadziwa bwanji kuti zitsiru zija zikawapachika pa Ojuelegba?"

"Ndiye munasankha mtsikanayu," anatero a Danladi.

"Akanatuluka! Sabata imodzi, ziwiri. Ndikanamupezera loya."

"Valani jekete."

Rotimi anasuntha. Ndinamugwira malaya kumbuyo, ndipo anaima, ngakhale kuti akanatha kundikoka ngati kansalu.

Pakhomo a Falope anatembenuka. Chilowereni ntchito sanandiitanepo popanda kunena Anti, chifukwa ndine wamkulu kwa iwo ndi zaka khumi.

"Moreni. Ndiwe unanena za mzikiti."

"Ndine, bwana."

"Ndinakutola ulibe ngakhale singano. Ndinakupatsa kiyi wanga."

"Inde, bwana. Zimenezonso zili m'kabuku."

Anatsika masitepe, a Danladi ali pambuyo atakwapatira laputopu.

*

Tinatsala atatu. Tonse tinkadziwa kuti situdiyo yopanda a Falope ndi chipinda chabe pamwamba pa matayala, ndipo akunja aja sadzafunanso kutimva.

Rotimi anapita pa desiki ya Kafayat, n'kubweza utoto womwe wapolisi anaupanga phala, kudina kambirimbiri mpaka Agogo anabwerera mwakale.

"Makutu amenewa ndi a mileme ndithu," anatero akuyang'ana sikirini. Kafayat sanaseke. Rotimi anatsika kukagula madzi ozizira omwe palibe anamutuma.

"Anti," anatero Kafayat chitseko chitatsekeka. "Munawamva tsiku lija akundiuza kuti ndipite?"

"Ndinawamva."

"Ndiye m'mawa wonsewu mumadziwa."

"Ndimadziwa."

"Wapolisi atakufunsani m'chipinda muja, ndimamvetsera. Munati ndinu telala chabe."

"Ndinatero."

"Munadikira mpaka nditenge chikwama."

Ndinafunafuna mawu oti ndiwonjezere, koma onse omwe ndinawapeza anali odziteteza.

"Ndinadikira," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso omwe anakhala ouma pamaso pa wapolisi tsopano atafiira. Kenaka anadzuka, chikwama chikadali pa phewa, n'kupita ku kabati. Ndinaganiza kuti akutenga mkeka wake azipita.

Anabwera ndi moin-moin awiri aja. Anamasula masamba a mmodzi, n'kumuika pa desiki yanga mwamphamvu mpaka supuni inadumpha. Winayo anapita naye pazenera, n'kukhala atandifulatira.

"Nthawi ndi 12:30," anatero osatembenuka. "Mankhwala aja simunamwe."